Ndinawatsitsa Achimwene pa Nsanja

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana a eni kuti asadzaphe anthu. Ndikanena choncho paukwati anthu amaseka, koma ndi mmene zilili. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya ukachenjede mu Blantyre, phunziro la chitetezo pa ntchito zomangamanga. Ophunzira anga ndi amene mawa adzajambule mapulani a nyumba, milatho ndi nsanja. Phunziro langa amalikonda zedi, chifukwa limabwera masana atadya, ndipo m'kalasi mwathu muli mafani oti munthu n'kugona bwinobwino.

Chimene ndimawauza chaka ndi chaka n'chimodzi. Munthu akagwa padenga, ngoziyo sinayambe tsiku limenelo. Inayamba tsiku limene wina anakhala muofesi yozizira ndi pensulo yake, n'kuika chinthu chofuna kukonzedwakonzedwa pamalo poti munthu achite kukwera. Ukamajambula, dzifunse kuti adzakwere ndani, kangati, atanyamula chiyani, ndipo ngati kukwerako kungapeweke, kupewe pepala lisanachoke patebulo. Iwo amalemba, kaya amajambula maluwa, ndiye pamayeso amandiyankha kuti njira yopewera ngozi ndi kuvala chipewa cholimba. Chipewa! Munthu agwe kuchokera pansanjika yachitatu, chipewacho chifika pansi chili bwinobwino, tichipukute tipatse wina.

Kwathu ndi kwa Tengani, ku Nsanje. Ndife banja la asodzi. Bambo anali munthu wa m'madzi, achimwene anga aakulu nawonso anakulira m'bwato, ine ndekha mtsikana wotsiriza ndi amene ndinathawira kusukulu. Makolo atapita, anatsala pamudzi ndi achimwenewo ndi akazi awo.

Chaka china ndinapita kumudzi mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu ngakhale mbuzi zimayenda zikudandaula ndi dzuwa. Nditatsika minibasi pamsewu ndinakwera kabaza. Tili pafupi ndi mudzi ndinaona nsanja ya thanki ya madzi, ndipo pamwamba penipeni, kupitirira thankiyo, panali munthu atagwada, akupukuta masola ndi chiguduli. Analibe chingwe m'chiuno, analibe pogwira, kumbuyo kwake kunali mphepo basi.

"Taonani chitsiru icho," ndinatero kwa wakabaza. "Chatopa nawo moyo."

Wakabaza anapalasa kaye kawiri katatu.

"Madamu, ajawo ndi achimwene anu."

Ndinene chilungamo, nsanjayo inatithandiza. Bungwe lina linabwera zaka zam'mbuyomo, linakumba chitsime, linaika pampu yoyendera dzuwa, thanki pamwamba pa zitsulo ndi mipopi pansi. Amayi a m'mudzi analeka kusenza madzi a matope. Ndipo amene anajambula nsanjayo anali munthu wanzeru, Mulungu amudalitse kumene aliko. Anaganizira akuba, anaganizira madzi osefukira, anaganizira mbuzi ndi ana ogenda, ndiye masola onse anawakweza kumwamba kwenikweni. Fumbi lokha ndi limene analiiwala, poti kuofesi kwake kulibe. Kwathu fumbi likakwirira masola, n'kuwonjezera zitosi za mbalame, pampu imafooka, mipopi n'kumangodontha. Ndiye pamafunika munthu wokwera kawiri pa sabata kukapukuta.

Makwerero ake anali zidutswa za zitsulo zomangira nyumba, zowotchereredwa kumwendo umodzi wa nsanja. Panalibe chotchinga kumsana, panalibe popumira. Chitsulo chimodzi chinali chitathothoka, ndipo pamenepo achimwene ankatambasula mwendo ngati akulumpha ngalande. Ndinawaonerera akutsika, opanda nsapato, zigamba zokulungidwa m'manja kuopa kutentha kwa zitsulo, chidebe chikulendewera m'chiuno. Munthu wa imvi mbuu, wazidzukulu. Atangoponda dothi ndinawathamangira.

"Achimwene, mukufuna kufa?"

"Moni kaye, iwe," anatero akumasula zigamba. "Ku Blantyre munaleka kupereka moni?"

"Mwaswera bwanji, achimwene? Mukufuna kufa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ali mnyamata ankakwera migwalangwa yotalika kuposa kansanja aka, ine ndikadali ndi mamina. Anati komiti ya madzi itafuna munthu wokwera, amuna onse a m'mudzi anayamba kudwala mawondo tsiku lomwelo, anatsala iwo okha. Anandiitana kuti aphunzitsi, dzina limene amandipatsa akafuna kundiseka, n'kundilandira chikwama.

Madzulo ake alamu anga, akazi a achimwene, anandikokera kuseri kwa khitchini. Anandiuza kuti amuna awo amamva chizungulire. Kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo mapilisi amamwa akakumbuka. Tsiku lina chizungulirecho chinawapeza ali pamwamba, anagona pachivundikiro cha thanki atatsinzina, kudikira kuti dziko lileke kuzungulira. Anthu pansi ankawayamikira kuti lero ndiye akupukuta mofatsa.

"Musawauze kuti ndakuuzani, mlamu," anatero alamu. "Koma nanga titani? Nsanjayo ndiye munda wathu."

Anafotokoza kuti pokolola nyumba iliyonse imene imatunga pampopi imabweretsa mbale ya mapira kapena mchewere kwa wokwera nsanja. Sichinali cholembedwa paliponse, anthu anangogwirizana kuti munthu woika moyo wake pachiswe chifukwa cha madzi awo asagone ndi njala. N'chifukwa chake achimwene anasiya za usodzi, bwato n'kulisiyira mnzawo. Ine ndinamva mawu amodzi okha, chizungulire. Za mapirazo ndinazimva mmene ophunzira anga amandimvera ine.

Ndinabwerera ku Blantyre ndili ndi ukali woti n'kuphikira nyemba. Ine, mayi wophunzitsa dziko lonse kuti munthu asakwere pachabe, achimwene anga enieni akulendewera kumwamba ndi chidebe! Ndinaganiza zowatsitsa pansanjapo, afune asafune.

Ndinaipereka nkhaniyi kwa ophunzira a chaka chomaliza kuti ikhale ntchito yawo ya malikisi. Ndinawaonetsa zithunzi, osanena kuti munthuyo ndi mbale wanga. Mayankho oyamba anabwera monga mwa nthawi zonse. Gulu lina linati timugulire chipewa. Lina linati lamba wodzimangirira, osafunsa kuti akamumangirira pachiyani. Gulu lachitatu, la anyamata okhala kumbuyo, linati tikhome chikwangwani cholembedwa kuti chenjerani, mutha kugwa. Ndinawathokoza kwambiri. Ndinati bamboyo wakhala akukwera zaka zonsezi osadziwa kuti pansi ndi patali, akawerenga chikwangwani chanucho adzadzidzimuka.

Mtsikana wina wosayankhulayankhula, wokhala pafupi ndi khomo, ndi amene anakweza dzanja.

"Madamu, bwanji masolawo tingowatsitsa?"

Ndinatsala pang'ono kululutira. Zaka zonsezi ndikulankhula ndi makoma, lero khoma limodzi layankha.

Tinabwereka basi ya sukulu n'kutsikira ku Chigwa cha Shire. Ana anga anavala zipewa zolimba, jombo ndi malaya onyezimira kuyambira pa geti ya sukulu, n'kumajambulana zithunzi njira yonse. Titatsika mapiri n'kuwoloka Shire, phokoso linayamba kuchepa. Pofika ku Nsanje zipewa zinali pansi pa mipando, jombo zitamasulidwa, mnyamata mmodzi akundifunsa ngati anthu amakhaladi kuno mwakufuna kwawo. Ndinamuuza kuti kuno ndi kumene ndinabadwira, ndipo anapepesa mpaka kumudzi.

Msonkhano tinachitira pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi mipopi. Apampando a komiti ya madzi anali bambo wina amene anapuma ntchito ku minda ya nzimbe, n'kubwerako ndi Chingerezi chokwana kuopsezera mudzi wonse. Anatilandira ndi mwambi woti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma nkhope yawo inkanena kuti kalumoko tibwerere nako.

Anayamba ndi akuba. Kenako madzi osefukira. Kenako mbuzi. Atatha zonsezo anati, "Komanso madamu, tsoka silinunkha. Wina amafa ali gone pamphasa. Nsanjayi yakhala zaka, sinagwetsepo munthu."

"Ndiye tidikire igwetse kaye, bambo?" ndinafunsa. "Mukufuna tidzabwere ndi basi yomweyi kudzakhuza maliro? Tiuziretu tsiku, tipemphe mafuta."

Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Ndinadziwa kuti ndalankhula mopyola kwa munthu wamkulu, koma mkwiyo wanga ukanyamuka sufunsa njira.

Mtsikana uja anatambasula pepala lake. Anali atayeza pakhoma la tchalitchi pamene madzi anafika chaka chimene anasefukira kwambiri. Anajambula chitunda cha dothi chomangidwa ndi njerwa m'mbali, chotalika kupitirira mzere umenewo, chokhala ndi masitepe otakata. Pamwamba pake masola ofika pachifuwa, owotchereredwa ku zitsulo kuti wakuba achite kubwera ndi makina, kuzungulira mpanda wa waya ndi loko. Inali ntchito yabwino, mpaka lero ndimatero. Ndipo ine, pofuna kukhomerera msomali, ndinaimirira n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Apa ngakhale mayi wobereka mwana kumsana atha kupukuta, akudikira ndowa yake kudzaza."

Amayi anawomba m'manja. Apampando anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulemba kanthu m'kope lawo. Ndinkaganiza kuti ndawagonjetsa.

Achimwene anali atakhala pambali, pachidebe chawo chovundikira. Ndinawafunsa pamaso pa anthu kuti akuti bwanji.

"Ophunzira mwanena," anatero.

Ndinamva ngati avomera. Munthu wophunzira kwambiri amamva zimene akufuna.

Ntchito inachitika chilimwe chotsatira. Mudzi unaumba njerwa, sukulu inathandiza zitsulo ndi waya, wowotcherera wa pamsika anabwera ndi makina ake pangolo. Masola anatsika. Makwerero akale ndinaimirira pomwepo mpaka anawadula, tinaika ena otchinga kumsana, a chitseko chokhoma, oti munthu akwere mwa apo ndi apo pokatsuka thanki. Madzi ankatuluka mwamphamvu kuposa kale, chifukwa tsopano masola ankapukutidwa m'mawa uliwonse. Mtsikana uja anakhoza bwino kwambiri, ndipo anayenera.

Ine ndiye ndinatchuka. Anandiitana ku msonkhano wa kuhotela, ija ya mabotolo a madzi ndi maswiti patebulo, kuti ndikafotokozere aphunzitsi anzanga mmene tingaphunzitsire ana kupewa ngozi pojambula. Ndinaonetsa zithunzi ziwiri pakhoma. Choyamba, bambo wa imvi ali kumwamba ndi chidebe, pansi pake ndinalemba kuti kale. Chachiwiri, mayi akumwetulira ndi chiguduli, mapazi ali pansi, ndinalemba kuti tsopano. Anawomba m'manja anthu a masuti, wina anapempha zithunzizo kuti akaphunzitsire kwawo. Achimwene anga anayenda m'makalasi ambiri ngati chitsanzo cha zinthu zolakwika, iwo osadziwa. Palibe anafunsa kuti bambo wa chithunzi choyambayo ali kuti tsopano, ndipo ine sindinadzifunse.

Ndinapitanso kumudzi anthu atakolola. Ndinatenga shuga ndi sopo, ndi nkhope ya munthu wodikira kuthokozedwa. Alamu anandilandira bwino, anandipatsa madzi, anafunsa za ulendo, zonse mwaulemu umene umakuuza kuti pali kanthu. Achimwene panalibe.

"Apita kuti?"

"Kumadzi," anatero alamu, maso ali pa lichero.

"Kumadzi kukatani?"

"Kumadzi anthu amakatani, mlamu?"

Anandiuza osakweza mawu. Masola atatsika, komiti inagawa masiku kuti amayi azipukuta mosinthana. Nthawi yokolola itafika, mbale zinabwera zitatu, za anthu achifundo, ndipo achimwene anazibweza chifukwa cha manyazi. Kamunda kawo ka mapira sikanapatse zokwanira, poti mvula inadula msanga. Ndiye anapita kwa mnzawo uja kukatenga bwato lawo, anasoka chavi chatsopano, anabwerera kudambo. Chavi ndi ukonde wozungulira wokhala ndi zolemera m'mphepete, umene msodzi amauponya ataimirira m'bwato.

"Nanga chizungulire?"

"Chizungulire sichinatsike ndi masola anu," anatero alamu.

Ndinapita kwa apampando ndili wefuwefu, ndikukonza mawu m'njira. Ndinawapeza akukonza njinga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukuta manja.

"Madamu, munanena nokha, anthu onse akumva, kuti ngakhale mayi wobereka mwana atha kupukuta. Ndinalemba. Ndiye ine ndikawauze anthu kuti azipereka mapira chifukwa cha ntchito imene akazi awo akugwira okha? Mbale ija inali ya kukwera. Kukwerako munachotsa ndinu."

Ndinafuna kuwatukwana, koma panalibe potukwana. Anthuwo sanali oipa, chaka chinali chovuta kwa onse. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinadyetsa wina. Tinayeza kutalika kwa madzi pakhoma la tchalitchi, tinayeza kukula kwa masitepe, ndinafunsa za akuba ndi mbuzi, koma munthu amene ndinkati ndikumupulumutsayo sindinakhale naye pansi n'kumufunsa kuti akatsika adzadya chiyani. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku lija ndinawaona pamwamba.

Achimwene anagonera kudambo tsiku limenelo. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita kudooko, kumene mabwato amakocheza. Ndinawapeza atatsitsa nsomba, timakakana tochepa ndi milamba iwiri, akuzipereka kwa mayi wina wogula. Anali ataonda. Bwato lawo linali lija lakale la bambo, lopapatiza, lokhala ndi chigamba cha lata kutsogolo. Patsidya pa madzi, m'mphepete mwa bango, panali tizinthu tiwiri toyandama timene munthu wa ku Blantyre akanati ndi zikuni, osadziwa kuti ndi ng'ona.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Eee, lero moni wayamba," anatero. "Tadzuka, aphunzitsi. Madzi akutuluka bwino kumpopi?"

"Akutuluka."

"Takhuta. Ntchito yanu ndi yabwino," anatero, poti kwathu takhuta ndi kuthokoza.

Sanali kundinyoza, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinawauza kuti ndamva zonse. Ndinati ndinalakwa, ndikanayenera kuwafunsa. Ndinati asiye za m'madzi, ine ndiziwatumizira kangachepe mwezi ndi mwezi, sizivuta.

"Nkhabe," anatero, kukana kwa kwathu kumene sikusiya mpata. "Iwe ndinakubereka kumsana ine, ndikukuwolotsa madzi kupita kusukulu. Lero ndikhale pakhonde ndizidikira foni ilire? Manja ndili nawo."

"Koma chizungulire, achimwene."

Anandiyang'ana, ndipo anadziwa amene anandiuza. Sanakwiye. Anayamba kupinda chavi chawo, kuchiyala paphewa khwinya ndi khwinya monga ankachitira bambo.

"Chimabwera," anatero. "Pansanja chikabwera ndinkagona pathanki, thanki siyenda. Muno chikabwera ndimagwada, n'kupemphera kuti bwato lisapendeke."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuti musiye!"

"Ndisiye ndidye chiyani, mapulani?"

Ndinayamba kulira pamaso pa amayi ogula nsomba, ndi chikwama changa cha m'tauni m'khwapa. Achimwene anandigwira paphewa ndi dzanja lonunkha nsomba, anandisisita kawiri, kenako anakankhira bwato m'madzi. Ankafuna kuponyako kangapo dzuwa lisanakwere.

"Usalire, mlongo wanga. Unafuna zabwino, ndikudziwa," anatero ali ndi mwendo umodzi m'bwato. "Kungoti pansanja paja ndikanagwa, mukanandipeza pansi pomwepo, mukanandisambitsa, n'kundiika pafupi ndi amayi. Kuno ndikagwa, mudzaika malaya."

Anapalasa kulowera kubango. Atafika pakati anaika nkhafi pansi n'kuimirira, bwato likugwedezeka kumapazi kwawo, ndipo ndinaona akutambasula dzanja limodzi kumbali kufuna pogwira pamene panalibe.

"Achimwene, khalani pansi!" ndinakuwa.

Sanakhale. Chavi saponya munthu atakhala.